Gitala, Chipewa ndi Nyimbo za Eni Ake

Ntchito yanga ndi kuimba nyimbo za chamba cha country, ndipo palibe kampani imene inandisainitsa. Mukafuna woimba paukwati, woyankha foni ndine. Wokambirana mtengo ndine, wonyamula masipika ndine, wokwera pasiteji ndine, ndipo wotsalira pakhomo la ofesi usiku kudikira envulopu ndine ndemwe. Anthu akamva kuti woimba ndi woima payekha amati ndiye kuti alibe bwana. Mabwana ndili nawo anayi: Jim Reeves, Don Williams, Kenny Rogers ndi Dolly Parton. Atatu mwa iwo anagona kale, koma ndiwo amalamulabe zoti ndiimbe Lachisanu lililonse.

Kwathu ndi ku Thyolo, mphepete mwa minda ya tiyi. Bambo anga anapita ku Joni pa Wenela, ndipo pobwera anabweretsa suti, njinga, ndi galamafoni yokhala ndi mbale zingapo za Jim Reeves. Sanachite kusankha mwapadera, ku South Africa munthuyu anali paliponse. Anakaimbako mu 1962, anajambulako filimu ya Kimberley Jim, ndipo nyimbo zina anaziimba m'Chiafrikaans. Anafa pangozi ya ndege mu 1964, chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu, ine ndisanabadwe, koma m'nyumba mwathu ankamveka Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo nayo sinkaumira nyimbo zoterezi. Chingerezi sitinkachimva. Chimene tinkamva n'chakuti bambo uyu sakuthamanga, sakukuwa, ndipo pali china chake chimene chikumupweteka.

Ndinayambira pa banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga, monga ankachitira mnyamata aliyense wofuna kukhala Allan Namoko, amenenso kwawo kunali ku Thyolo komweko. Patapita zaka zambiri m'pamene ndinadziwa kuti banjo ya ku America inachokera ku zoimbira za akapolo otengedwa kumadzulo kwa Africa, komanso kuti Charley Pride, amene tinkamumva pawailesi n'kumamuyesa mzungu, anali munthu wakuda wa ku Mississippi. Ndimazitchula izi chifukwa mpaka lero pali ondifunsa kuti ndimalimbikiranji nyimbo za azungu.

Gitala yeniyeni ndinaigwira pakhonde la sitolo ku Luchenza, kwa madala ena osoka zovala. Makasitomala akatha ankaigoneka pamwendo n'kumayendetsa botolo laling'ono pansambo, kaimbidwe kamene akuluakulu ankakatcha hauyani, kamene Ndiche Mwarare anatchuka nako. Kulira kumene kumamveka m'nyimbo za country, kwa gitala yogoneka ija, gwero lake ndi lomwelo la ku Hawaii. Koma madalawo sanandiyambitse ndi botolo. Anandigwira chala chachikulu cha dzanja lamanja.

“Iwe mwana, ng'oma yako ndi iyi. Zala zinazi ndi alendo chabe.”

“Nanga nyimbo ndiyamba liti, agogo?”

“Chala chikasiya kukufunsa.”

Zimene ankatanthauza ndi izi. Ukagwira G, chala chachikulu chimenya nsambo yaikulu ya pamwamba, zala zinazo zipalasa pansi, kenako chala chachikulu chilumphira pansambo yachinayi, zinazo zipalasanso. Ukafuna kupita ku C sudumpha ayi, umakwera masitepe: G, A, B, ndiye C. Womvera sadziwa dzina la chimene wachita, koma phazi lake limadziwa kuti tafika. Dzanja limeneli liyenera kuyenda lokha pamene pakamwa pakukamba nkhani, ndipo likangotsimphina nkhani yonse yagwa. Maybelle Carter, amene banja lake linajambulidwa ku Bristol ya ku America mu 1927 nthawi imodzi ndi Jimmie Rodgers, anafika poimba nyimbo yonse ndi chala chimenechi pansambo zazikulu, zala zina zikusunga kugunda. Madala a ku Luchenza sankamudziwa mayiyu, koma dzanja lawo linkachita zofanana ndi lake.

Ku Blantyre ndinalowa bandi ya pahotela ina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mawu a nyimbo tinkawatola pakaseti, kuimitsa, kulemba m'kope, kubweza tepi ndi bolopeni kuti mabatire asathe. Kumeneko ndinaphunzira chinthu chimene kwaya siinandiphunzitse, kuimbira anthu amene akudya. Kutchalitchi anthu amakhala chete kudikira iwe. Kuhotela mafoloko akulira, woperekera zakudya akudutsa kutsogolo kwako, wina akukambirana za fetereza. Woimba watsopano amakweza mawu kuti awagonjetse, ndipo iwo amakwezanso awo. Njira yake ndi yotsitsa. Umayandikira maikolofoni mpaka mlomo kutsala pang'ono kuikhudza, umatulutsa mawu pang'ono ngati ukulankhula ndi munthu mmodzi, ndipo tebulo lapafupi limayamba kutonthola lokha poopa kuti liphonya mawu.

Mwini luso limeneli anali Don Williams. Pamene anabwera ku Harare mu 1997 ine ndalama ya basi ndinalibe, ndinadzaonera pavidiyo. Bambo wachipewa chakutha, osavina, osathamangathamanga pasiteji, khamu lonse likuimba naye liwu ndi liwu. Achinyamata amayesa nyimbo zake n'zophweka chifukwa makodi ake ndi atatu kapena anayi. Ayese kuimba motsitsa chonchija mphindi zitatu popanda liwu kugwedera, ndiye tidzakambirane. Mpweya umafunika wambiri kuposa wa munthu wokuwa, ndipo palibe pobisala. Ine mawu anga sanafike pansi pamene iye ankafika, choncho ndimamanga kapo, kachipangizo kofinya nsambo, pa fureti yachiwiri n'kuimbira pamwamba pang'ono. Zaka zikupita kapoyo akutsika yekha, ndipo nyimbo zina tsopano ndimaziimba popanda iye.

Vuto la ntchito yathu lili apa. Munthu amene wakuitana kuloji kapena kuphwando sakufuna iweyo, akufuna unyamata wake. Tizikalata timabwera kusiteji, tolembedwa pa tishu kapena kuseri kwa lisiti, ndipo maina ake ndi omwe aja. Wina sadikira n'kulemba komwe, amangofika ndi botolo m'manja: “Achimwene, tatipatseniko ya Kenny Rogers ija, ya wanjuga uja.” Umamupatsa, chifukwa ndi amene walipira nsima ya mawa. Oimba ena amathera pomwepo moyo wawo wonse, ndipo sindiwanyoza, pakuti kuimba bwino nyimbo ya mwini wake ndi luso. Koma ine ndinali ndi nyimbo zanga m'kope lomwe lija, kumasamba a kumapeto, ndipo palibe amene ankazipempha poti palibe amene ankazidziwa.

Ndinayamba kuzilowetsa mmene mayi amabisira mankhwala m'phala la mwana. Zitatu za eni ake, imodzi yanga, osalengeza, kiyi yomweyo, liwiro lomwelo, kuti phazi limene likugunda pansi lisaone kusintha. Ukangonena kuti “iyi ndapeka ndekha”, theka la anthu limakumbukira kuti likufuna kupita kuchimbudzi. Malo abwino ndi chigawo chachiwiri, anthu atadya koma asanaledzere. Zinatenga zaka. Chizindikiro choti zayamba kugwira sichinali kuwomba m'manja, pakuti anthu athu amawombera aliyense mwaulemu. Chinali kakalata kolembedwa kuti “ija ya mayi wodikira basi pa Limbe”. Mutu wa nyimboyo sankaudziwa, koma nkhani anaisunga.

Kupeka country m'Chichewa kuli ndi msampha umene ambiri amagwamo. Amatenga chuni cha ku Nashville, kuchimake kwa country, n'kuthiramo mawu athu, ndipo zimamveka ngati mlendo akuwerenga chikwangwani. Chifukwa chake n'chakuti mizere ya Chingerezi imakonda kuthera pa liwu lalifupi lolemera, ndipo chuni chimagwera pomwepo. Ife mawu athu amalemera ndi kutalika pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo lomaliza limangotsetsereka. Ukakakamiza phatikizo lomaliza kuti ligwere pa kugunda kwamphamvu, liwu limapindika, ndipo agogo akumva amadziwa kuti chalakwika ngakhale sangakuuze kuti n'chiyani. Tsono ine ndimayamba ndi kulankhula mzerewo mokweza, kangapo, ndikuyenda pabwalo, kumvetsera pamene mawu akukwera ndi pamene akutsika. Chuni ndimachitenga pamenepo. Kugunda kwamphamvu ndimakupatsa phatikizo lolemera lija, lomaliza n'kugwera pambuyo pake mofewa. Nyimbo za kugunda kutatu, za waltz zija, zimalandira Chichewa bwino kwambiri pa chifukwa chomwechi.

Kufananitsa mathero a mizere, kumene olemba a Chingerezi amakhetsera thukuta, kwa ife n'kotsika mtengo. Mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo mwana wa sitandade 4 akhoza kukulembera mizere makumi awiri yothera pa “-ana”. Thukuta lathu lili pa nkhani. Nyimbo ya country imafuna munthu mmodzi, malo amodzi, ndi chinthu chimodzi chimene chinachitika. Siifuna uphungu. Oimba athu timakonda kulangiza mtundu wonse, kuti anthu inu tiyeni tikondane, tiyeni tisiye nsanje, ndipo nyimbo imasanduka ulaliki wopanda guwa. Ine ndimafuna ndione tenanti wa fodya ku Kasungu akuwerengetsa ngongole yake ndi mwini esiteti kumapeto kwa nyengo n'kupeza kuti watsala ndi ndalama ya basi yokha. Ndimafuna mayi amene mwamuna wake ali ku Joni, foni inasiya kulira, koma akusesabe mbali yake ya chipinda. Za chipale chofewa ndi mahatchi a ku Texas ndimazisiyira eni ake. Ndipo oimba anzanga amene amatsina mphuno kuti amveke ngati anabadwira ku Tennessee, ngakhale poimba Chichewa, ndimawapempha kuti aleke. Chipewa chokha ndimavala, sindikana. Woitana amakhala walipirira ndi chipewa chomwe.

Kujambula kunali nkhondo ina. Zinthu zitasintha mu 1994 masitudiyo anachuluka, makaseti anali pamsika uliwonse, ndipo woimba aliyense ankadziwa njira ya ku Limbe kwa O.G. Issa, kumene nyimbo zambiri za m'dziko muno zinkagulitsidwira. Nthawi imeneyo reggae ya ku Balaka ndiyo inali pamwamba, ndipo kiyibodi imodzi inkagwira ntchito ya bandi yonse. Mnyamata wa pasitudiyo ina atamva nyimbo zanga anati, “Akulu, izi n'zabwino, koma zagona. Tiikemo ka beat kuti anthu avineko.” Ndinamuuza kuti angoimika maikolofoni imodzi patsogolo pa gitala, cha pamene khosi limakumana ndi thupi, ina pakamwa panga, ndipo azimitse zina zonse. Anachita monyinyirika, akuyang'ana wotchi. Chimbalecho sichinandilemeretse, koma ndicho chimene anthu amandifunsabe.

Kukhala ndi chimbale si kumveka. Loretta Lynn, pamene anatulutsa nyimbo yake yoyamba mu 1960 pa kakampani kakang'ono ka Zero Records, iye ndi mwamuna wake anayenda pagalimoto kuchoka pa wailesi ina kupita pa ina, kupempha aulutsi kuti aiike. Ine galimoto ndinalibe, koma ulendo unali womwewo, wa minibasi, kaseti m'thumba la jekete, kudikira pageti mpaka muulutsi atuluke. Mawailesi atachuluka zinapepukako, makamaka a m'madera, amene amasangalala woimba akabwera yekha ndi gitala n'kuimba pompo. Kenako kunabwera obena ma CD, kenako ma memory card, ndipo malonda a chimbale anafa tikuona. Ndinapezapo nyimbo zanga pamsika zitaphatikizidwa ndi za Jim Reeves mufoda imodzi, mnyamata wogulitsayo n'kundiuza kuti woimbayo ndi wa ku Zambia ndipo anamwalira.

Lero ana anga anandiikira nyimbo pa YouTube ndi pa Spotify, imene inafika kuno mu 2021. Ndi bwino kuti zili kumeneko, koma munthu asakunamizeni kuti mudya za kumeneko. Kuyambira mu 2024 Spotify siwerengera malipiro nyimbo imene sinamvedwe kokwana 1,000 pa chaka, ndipo omvera anga ambiri ndi anthu a imvi amene bandulo amaisungira WhatsApp. Chimene chimandithandiza ndi foni yochokera ku Johannesburg kapena ku Leeds, munthu akuti bambo ake akukwanitsa zaka 70 ku Zomba, ndipite ndikawaimbire, ndalama atumiza. Ntchito zoterezi ndimazikonda kuposa za kuhotela. Mumakhala pakhonde, anthu khumi ndi awiri, popanda masipika, ndipo mdalayo amakuuza chaka chimene anayamba kumva nyimbo iliyonse ndi amene anali naye.

Chuma chokha cha woimba woima payekha ndi umwini wa nyimbo zake. Izi ndinazimvetsa nditadziwa kuti nyimbo ya wanjuga ija analemba ndi Don Schlitz, osati Kenny Rogers, komanso kuti zambiri za Don Williams zinachokera m'manja mwa anthu ngati Bob McDill ndi Wayland Holyfield. Ku Nashville kupeka ndi ntchito payokha, ndipo wopeka amalandira nyimbo ikamveka, ngakhale nkhope yake palibe amene akuidziwa. Dolly Parton anakana pamene manijala wa Elvis Presley, Colonel Tom Parker, anafuna theka la umwini wa “I Will Always Love You” kuti Elvis aiimbe. Mu 1992 Whitney Houston anaiimba, ndipo phindu la wopeka linapita kwa mwini wake. Ine si Dolly, koma nyimbo iliyonse ndisanaitulutse ndimakailembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso limene linayamba mu 1992. Lamulo latsopano la 2016 linatsegulanso njira yoti aluso azipezako kenakake kuchokera pa msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo. Ndipo musitudiyo, tisanayambe, timalemba papepala kuti woimba besi walipidwa za tsikulo basi, wopeka ndi uje, tepi yoyamba ndi ya uje. Anzako amakuona ngati wovuta. Ubale umene umatha chifukwa cha pepala ndi wochepa poyerekeza ndi umene umatha chifukwa chosowa pepala.

Bandi yokhazikika sindingaikwanitse. Ntchito ikakhala yaikulu ndimabwereka anyamata a kutchalitchi kapena a mabandi a reggae, ndipo nthawi yoyeserera imakhala ola limodzi, mwina kuseri kwa holo. Apa m'pamene manambala amandipulumutsa. M'malo molemba G, C, D ndimalemba 1, 4, 5, ndipo ndikasintha kiyi chifukwa cha chimfine pepala silisintha. Njirayi anaiyambitsa Neal Matthews wa gulu la Jordanaires chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo oimba a m'masitudiyo a ku Nashville amaigwiritsabe ntchito. Pasiteji ndimangoonetsa zala kumbuyo, zinayi, kenako zisanu, mnyamata wa besi n'kutsatira nyimbo imene sanaimvepo.

Chovuta si makodi, ndi kuwaletsa. Wa besi ndimamuuza kuti manotsi ake ndi awiri, loyamba ndi lachisanu, ndipo pofika nyimbo yachitatu zala zimayamba kumuyabwa. Wa ng'oma ndimamulanda timitengo n'kumupatsa mabulashi, ndipo pamene mabulashi anasowa tinadula tsache latsopano n'kumanga tizitsache tiwiri ndi mphira. Zinamveka bwino ndithu. Amene amandimvetsa msanga ndi oimba a zaka zanga, amene anakulira pa nyimbo za Stonard Lungu ndi a Kachamba, pamene gitala ndi mawu zinkakwana.

Za ndalama ndinaphunzira kunena poyera. Theka ndimalandiriratu tsiku lisanafike, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Paukwati komiti imakhala ndi mavuto ake, ndipo woimba akadikira perekaniperekani amapezeka ali kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa wa keke ndi wa matenti. Pa zimene ndalandira ndichotse galimoto yonyamula zida, ndichotse kubwereka masipika, mafuta a jenereta ngati magetsi azima, ndilipire anyamata usiku womwewo asanakwere kabaza. Chotsala ndicho changa, ndipo masiku ena wa besi amapita kunyumba ndi zambiri kuposa ine. Mwini bala wina anandiuza kuti andilipira ndi “kutchuka”, ndipo ndinamufunsa ngati iye mowa amaugula ndi kutchuka.

Achibale amandifunsa chifukwa chimene sindinayesere mwayi ku America. Ena a kuno kumwera kwa Africa anayesa ndipo zinawayendera. Dusty and Stones, anyamata awiri apachibale a ku Eswatini, anakapikisana ku Texas mu 2017, ndipo pambuyo pake anaimba pasiteji yotchuka ya Grand Ole Opry ku Nashville. Ndinasangalala nawo kwambiri. Koma ndikudziwanso kuti mumsewu wa Broadway ku Nashville, m'mabala oyandikana khomo ndi khomo, oimba aluso kuposa ine amaimba maola anayi osapuma, nyimbo za eni ake, chidebe cha ndalama zowafupa chikuyenda pakati pa alendo, ndipo naonso amalowetsa yawo imodzi mozemba. Willie Nelson yemwe anachoka ku Nashville n'kubwerera ku Texas kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 asanapeze mawu ake enieni. Nyimbo ya tenanti wa ku Kasungu ndikakaimbire ndani ku Tennessee?

Chaka chathu chimatsata chaka cha mlimi. Anthu akakolola, maukwati ndi zinkhoswe zimayamba, ndipo kuyambira June mpaka Khirisimasi Loweruka lopanda ntchito ndi losowa. Januwale akafika foni imatonthola, aliyense akuganiza za fizi ndi fetereza. Nsambo zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wake unandikhalitsa pansi. Ndinabwerera ku nzeru yakale, kuzimasula, kuziwiritsa m'madzi kuti litsiro la thukuta lichoke, kuziumitsa bwinobwino n'kuzimanganso. Zimalira ngati zatsopano kwa masabata angapo, kupatula yachitatu, imene imakonda kuduka pomwe yapindikira.

Miyezi ya mvula imeneyi ndiyo ya kupeka, ndiponso ndimaphunzitsa gitala ana a anthu masana. Pakati pawo pali mtsikana wa fomu 3 amene anabwera akufuna nyimbo za Taylor Swift, ndipo sindinamukanize, pakuti nayenso anayambira ku Nashville komweko. Ndinamugwira chala chachikulu. Panopa akulemba yakeyake, ya agogo ake ogulitsa zitumbuwa pa depoti, ndipo tikulimbana ndi mzere wachitatu umene ukukana kukhala pa chuni. Chimbale changa chotsatira ndikufuna ndichijambule mvula isanathe, anthu atatu m'chipinda chimodzi, gitala, besi ndi tizitsache tija. Mtsikanayu adzaimba mawu apamwamba pa nyimbo ziwiri ngati mayi ake alola, ndipo dzina lake lidzalembedwa papepala tisanayatse maikolofoni.